Mayeso Atapita, Nchito Itsalira Makolo

Maina a opambana mayeso akamveka kuno kwa Malemia, m'nyumba zina mumveka nthungululu, m'zina muli zii. Ife aphunzitsi tiona kuti pa tsiku lomwelo nchito yathu icepa, ndi yanu, inu makolo, ikula.

Mwana akalephera, musamtonze pamaso pa anzace, pakuti mayeso ayesa zimene analemba m'masiku owerengeka, sayesa moyo wace wonse. Mkhazikeni pansi, mumve mau ace, nimupangane ngati abwereze, kapena aphunzire umisiri wa matabwa, kumanga kapena kusoka.

Akapambana, kondwerani, koma musaiwale ndalama za sukulu. Patulanitu thumba la mpunga kapena mbuzi. Ndipo mwana wamkazi musamfulumizire ku ukwati.

Agogo athu sanauone mwai wotere. Sekondale yoyamba m'dziko lino inatsegulidwa ku Blantyre m'caka ca 1940, ndi ya ku Zomba mu 1942. Lero sukulu ya aphunzitsi iri pa Domasi pompano, ndi Yunivesite iri ku Zomba. Kodi mwana atsalire cifukwa ca ife? Kholo likaperewera, atsibweni ndi mpingo agwirepo dzanja, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe.