KADZIDZI WA PA NKHOKWE YANGA

Kwathu ndi ku Nsipe, m'dziko la Angoni a Gomani, pa mseu wocokera ku Ncheu kunka ku Balaka. Kumeneko mwezi wa June ukafika kumazizira ndithu, ndipo anthu, atatha kukolola, amalowa m'nyumba msanga.

Caka cina, m'nyengo yomweyi ya cisanu, mwana wanga wamkazi anadwala cifuwa. Usiku wacitatu tinamva kadzidzi alikulira pa denga la nkhokwe. Posacedwa amai anga anadzagogoda pa citseko.

"Mwananga, kodi ulikumva? Mbalame ija yadzatenga mdzukulu wanga. Tenga cikuni ca moto uiponye."

"Ndamva, amai," ndinayankha motero.

Ndinaturuka ndi cikuni m'dzanja, mtima ulikugunda. Mwezi unali kuwala mbee. Ndinaiona mbalameyo itakhala duu, nkhope yace yoyera ngati ufa. Ndisanaponye, inatembenuza mutu, nitsikira pansi, mapiko osamveka konse. Pokweranso inali itafumbata khoswe. Dzanja langa linalefuka, ndipo cikuni cija cinazimira pansi.

M'mawa tinanka naye mwana ku cipatala. Analandira mankhwala, nacira. Amai anga sanadziwe kuti cikuni sindinaponye, ndipo ine ndinaopa kuwauza.

Kuyambira pamenepo ndinayamba kukhala pa khonde usiku, nditapfunda bulangete, kuyang'anira mlendo wangayo. Anali kufika kutangoda. Nthawi yaikuru anali kungokhala cete, kumvetsera, pakuti makutu a kadzidzi amamva ngakhale khoswe woyenda m'zinyalala. Nthenga zace n'zofewa, cifukwa cace khoswe samumva pakudza.

Tsiku lina, posesa pansi pa mtengo umene anali kupumulapo, ndinapeza timibulu ta ubweya. Nditaswa kamodzi ndi kamtengo, ndinaona timafupa ndi kacigaza ka khoswe, mano ace ali comweco. Kadzidzi amameza khoswe wathunthu, ndipo pambuyo pace amalavula ubweya ndi mafupa. Kadzidzi mmodzi wa mtundu uwu angathe kudya makoswe 3 kapena 4 usiku umodzi. Taganizani cimanga cimene makoswe otere akadadya kufikira mvula!

Nditaphunzira kuwerenga pa sukulu ya akuru, ndinapeza nkhani ya kadzidzi wina woyera ngati thonje. Kwao ndi kumpoto kweni-kweni kwa dziko lapansi, kumene kulibe mitengo, ndipo madzi amauma gwa ndi kuzizira. Cisanu ca kumeneko cimadza m'miyezi ya December ndi January, ife tilikupalira. Pamenepo akadzidzi ena amatsikira kumwera, natera pa bwalo la ndege la Logan, mu mzinda wa Boston ku America. Amakonda malowo cifukwa ali tetete monga kwao, ndiponso makoswe ndi mbalame zoti adye zilipo. Kuyambira caka ca 1981 munthu wina, dzina lace Norman Smith, anagwira akadzidzi mazana-mazana pa bwalolo, nakawamasula kutali, kuti angagundane ndi ndege. Anthu a m'dzikolo amayenda maulendo m'cisanu coopsa kuti akangoona mbale wa mbalame imene ife timaipitikitsa ndi moto.

Nkhaniyi inandikumbutsa usiku uja. Kadzidzi wa ku Boston sadzera ndege, koma cakudya. Wa ku Nsipe nayenso sanadzere mwana wanga. Anadzera makoswe amene analikutha cimanga cimene mwanayo anayenera kudya. Ndikadamupha, ndikadapha mlonda wosafuna malipiro.

Sindiwaseka amai anga. Anaika ana awiri m'manda, ndipo mantha ao anacokera m'cikondi. Koma inu owerenga anzanga, mukamva kadzidzi usiku, wodwala munke naye ku cipatala, cikuni mucisiye pa moto, ndipo kukaca mukayang'ane pansi pa nkhokwe yanu.