Ku Pune, Yoga Imayambira Kumapazi

Mzinda wa Pune uli m'chigawo cha Maharashtra ku India, makilomita pafupifupi 150 kuchokera ku Mumbai. Masana kumakhala phokoso la njinga zamoto lokhalokha, koma m'bandakucha mzindawu ndi wa agogo. Paphiri la Parvati pali masitepe amiyala opita kukachisi, ndipo mukalawirira mumawapeza akukwera, ena ndi ndodo, ena chimanjamanja. Ine ndinafika pamwamba wefuwefu, iwo akungocheza.

Mphamvu zoterezi amazitenga kuti? Funsoli linanditengera ku Shivajinagar, dera lomwe kuli sukulu ya yoga imene B.K.S. Iyengar anatsegula mu 1975 n'kuitcha dzina la malemu mkazi wake, Ramamani. Bamboyu anabadwa mu 1918 ndipo anakula modwaladwala: malungo, taifodi, chifuwa chachikulu. Yoga anaiphunzira kwa mlamu wake Krishnamacharya, yemwe anamutumiza ku Pune mu 1937 kukaphunzitsa. Mwana wonyentchera uja anamwalira mu 2014 ali ndi zaka 95.

Iyengar amadziwika ndi nzeru yosavuta: thupi likalephera kufika penapake, lipatseni pogwira. Mpando, khoma, lamba, bulangete lopinda ndi thabwa looneka ngati njerwa, zonsezi anazisandutsa zida za yoga.

Ndinaziona zikugwira ntchito m'kalasi ina yaing'ono ya m'derali. Munalibe zopinda miyendo mpaka kukhosi zija timaona pa Instagram. Munali mayi wopweteka bondo, mnyamata wogwira ntchito pakompyuta, ndi agogo angapo. Mphunzitsi wake onse ankangomutchula kuti Tai, kutanthauza achemwali aakulu m'Chimarathi.

Tinayamba ndi Tadasana, komwe n'kungoimirira basi. Tambasulani zala za kumapazi, kanikizani zidendene pansi, wongolani msana. Kenako Vrikshasana, kuima ndi mwendo umodzi ngati mtengo, dzanja lili kukhoma. Nditachotsa dzanja, kakolo anayamba kunjenjemera.

"Musiyeni anjenjemere," anatero Tai. "Akuphunzira."

Ankanena zoona. Kuti munthu asadzandire, ubongo umadalira zinthu zitatu: maso, ziwalo za mkati mwa khutu, ndi uthenga wochokera kumapazi ndi molumikizana mafupa. Mukatsinzina mwaimirira ndi mwendo umodzi, chimodzi mwa zitatuzo chachoka, ndiye mumapendama msanga. Luso limeneli limachepa ndi ukalamba, komanso limakula munthu akamaliyeserera.

Tinamaliza ndi kunjuta, kukhala pansi, n'kudzuka osagwira kanthu. Agogo aja anachita zimenezi mosavuta kuposa mnyamata wa pakompyuta. Apa m'pamene nkhaniyi inandikhudza. Amayi athu amanjuta pophika, amagwada, amasenza ndowa pamutu madzi osatayika. Ife timachoka pampando wa minibasi kupita pampando wa kuntchito, khosi lili zyoli pafoni. Thupi limaiwala zomwe silikuchita, ndipo munthu akadzagwa atakalamba n'kuthyoka fupa la m'chiuno, nthawi zina sayendanso ngati kale.

Ndinafunsa Tai zoti ndizikachita ndikabwerera kwathu, kopanda kalasi.

"Khoma muli nalo? Mpando muli nawo? Basi zakwana," anayankha. "Potsuka mano muziima ndi mwendo umodzi, kenako musinthe. Tsiku lililonse mukhale pansi kamodzi, mudzuke nokha. Pakapweteka ngati mwabayidwa, siyani mukaonane ndi dokotala."

Atatero anatembenukira kwa mayi wa bondo uja n'kumusunthira mpando pafupi.