Uta Umathyokera Pofewa

Tikafuna kusema uta kuchokera ku thabwa, timasankha la mtengo wolimba, lotalika pafupifupi masentimita 170, la mizere yowongoka. Kumsana sitikhudzako, timapala kumimba kokha, mbali yoyang'ana woponya muvi. Tikamanga nsinga, timakoka pang'onopang'ono, maso ali pa thabwa. Popindika kale timapasiya, n'kupala pouma, kufikira uta wonse ugawane katunduyo. Tikapanda kutero, umathyokera pofewapo.

Nanga m'miphakati mwathu, kodi sitikoka anthu omwewo? Osesa m'tchalitchi ndi omwenso ayimba kwaya, awerenga Mawu, nakazonda odwala. Akadzathyoka tidzadabwa ngati sitinaone. Sabata ino tidzifunse: pouma paja, kodi si ifeyo? Ambuye atipale mwachifundo.