Nyimbo Imene Mwini Wake Sanaitsirize

Mwezi wa November ukafika, kuno ku Kafue Estates kumatentha mpaka malata kuthetheka, ndipo aliyense maso amakhala kumwamba kudikira mvula yoyamba. Ndi mwezi womwewu umene Eklezia amatipempha kuti tikumbukire abale athu amene anatsogola. Ine chaka ndi chaka, tikangoweruka ku Misa ya pa 2 November, ndimatulutsa nyimbo imodzi imene ndimaimvera madzulo aliwonse mpaka mwezi kutha. Nyimboyo ndi Requiem ya Mozart, ndiye kuti Misa ya maliro yoimbidwa m'Chilatini ndi kwaya pamodzi ndi zipangizo zoimbira. Ndili nayo pawiri, yojambulidwa ndi magulu awiri osiyana. Ina ndi yanga. Inayo inali ya anzanga amene tinayambana nawo, ndipo anamwalira ndisanawapepese.

Mwina awerengi ena adabwa kuti munthu wa ku Kafue anayamba liti kumvera nyimbo za ku Vienna. Ndinabwera kuno kuchokera ku Chipata ndili mnyamata, m'zaka za m'ma 1970, fakitale ya feteleza ya Nitrogen Chemicals of Zambia itangoyamba kumene ntchito. Nyumba za mu Estates zinali zodzaza ndi ife antchito a m'mafakitale, anthu a zilankhulo zonse za dziko lino. Anzangawo ankagwira ku fakitale ya nsalu, koma paparishi ndiwo ankaphunzitsa kwaya, motero tonse tinkangowatcha kuti aphunzitsi. Wansembe wina wachimishoni, pobwerera kwawo, anatisiyira galamafoni ndi katoni ya mbale, nati: "Inu awiri mumakonda nyimbo, izi zisadyedwe ndi chiswe."

Mbale yoyamba imene tinaikonda inali Missa Luba, imene Bambo Guido Haazen anajambula mu 1958 ndi kwaya ya anyamata a ku Kamina, m'dziko la Congo. Mawu ake anali a Chilatini, koma ng'oma ndi kaimbidwe zinali zakwathu kuno ku Africa. Chilatinicho sichinali chachilendo kwa ife, pakuti tonse awiri tinatumikirapo pa guwa tili ana, Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican usanatsegule khomo la zilankhulo ndi nyimbo zathu mu 1963. Choncho pamene tinaika mbale ya Requiem, ngakhale zipangizo zake zinali zachilendo m'makutu mwathu, mapemphero ake tinawazindikira msanga. Kuyambira pamenepo, Loweruka lililonse madzulo tinkakhala pakhonde panga, tiyi ali pambali, tikumvetsera ndi kutsutsana.

Mbiri ya nyimboyi ndi yachisoni. M'chaka cha 1791, munthu wina wolemera dzina lake Franz von Walsegg, amene mkazi wake anali atangomwalira, anatuma mthenga kwa Wolfgang Amadeus Mozart kuti amulembere Misa ya maliro, koma anabisa dzina lake. Mozart anayamba ntchitoyo ali ndi ntchito zinanso zambiri, kenaka anadwala, namwalira ku Vienna pa 5 December chaka chomwecho, ali ndi zaka 35 zokha. Anasiya chigawo choyamba chili chathunthu. Zigawo zina anangolembapo mawu a oimba ndi mafupa a nyimbo, ndipo zina sanazikhudze konse. Mkazi wake wamasiye, Constanze, anatsala ndi ana awiri ndi ngongole, ndipo ankafunitsitsa malipiro otsala. Iye anapempha akatswiri ena kuti atsirize ntchitoyo, mpaka inagwera mnyamata wa zaka 25, Franz Xaver Süssmayr, amene ankathandiza Mozart pa ntchito zake. Requiem imene anthu ambiri amaidziwa lero ndi yochokera m'manja awiri amenewa.

Mbale imene wansembe uja anatisiyira inali yojambulidwa mu 1971 ndi gulu la Vienna Philharmonic, motsogozedwa ndi Karl Böhm. Nkhalamba imeneyi sinkathamanga. Kwaya yake ndi yaikulu, mawu ake ndi olemera, ndipo nyimbo yonse imapitirira ola lathunthu. Chiyambi chake chimayenda ngati anthu onyamula bokosi popita kumanda, phazi limodzi, kenaka linzake, wina aliyense akusamala kuti mnzake asapunthwe. Ine ndinaikonda kuyambira tsiku loyamba, ndipo ndinkakhulupirira kuti Requiem iyenera kumveka motero basi.

Patapita zaka, mwana wa aphunzitsi amene ankagwira ntchito ku Lusaka anawabweretsera nyimbo yomweyi pa CD, yojambulidwa mu 1986 ndi John Eliot Gardiner, kwaya ya Monteverdi Choir ndi gulu la English Baroque Soloists. Awa amaimba ndi zipangizo za mtundu wakale, zofanana ndi za m'masiku a Mozart, ndipo kwaya yawo ndi yocheperapo. Nyimbo yonse saifikitsa ndi mphindi 50 zomwe. Aphunzitsi anabwera nayo kwathu atailongeza m'kansalu ngati dzira. Itatha, ine ndinapukusa mutu.

"Aphunzitsi, awa akuthawa mvula kodi? Maliro sathamangitsa chonchi."

"Ayi achimwene, tamverani bwino," iwo anayankha. "Apa mawu aliwonse akumveka. Mdala wanu uja amakoka nyimbo mpaka mawu kusungunuka. Ndi nthenda yomweyi imene ndimalimbana nayo ku kwaya. Anthu amayesa kuti kukoka ndiko kupemphera. Munthu wopempha chifundo sawodzera, amagogoda pachitseko."

Mkangano umenewu tinaudya zaka zambiri, ndipo unali wokoma ngati ndiwo za nyemba zogonera. Amayi a kunyumba kwanga ankatiseka, amati: "Anthu awiri akuluakulu kulimbirana maliro a mzungu amene simunamuone!" Palibe amene anagonja, ndipo palibe amene ankafuna kuti mnzake agonje, chifukwa Loweruka lotsatira tikanasowa chokamba.

Kenaka amayi a kunyumba aja anadwala, ndipo Mulungu anawatenga. Aphunzitsi ndi kwaya yawo anagona pamaliro masiku onse atatu, akuimba mpaka mbandakucha. Pa Misa ya maliro anaimbanso, ndiponso panjira yonse ya kumanda. Anaimba monga momwe iwo ankakhulupirira, mwamphamvu ndi mosakoka. Anthu anayamikira kwambiri. Koma ine mtima unali utatupa, ndipo munthu wofedwa amafunafuna pogwetsera ukali wake. Patapita masabata awiri aphunzitsi anabwera kudzandiona Loweruka madzulo monga mwa nthawi zonse. Asanakhale n'komwe ndinawauza kuti: "Inu munathamangitsa mkazi wanga kumanda ngati mmene amathamangira azungu anu aja." Iwo anaima kanthawi ali chete, chipewa chili m'manja. Kenaka anati: "Pepani achimwene," natembenuka kubwerera.

Mawu ali ngati madzi, akatayika saoleka. M'mawa mwake ndinadziwa kuti ndalakwa, koma manyazi anandigwira miyendo. Nyumba zathu zinali zoyandikana, ulendo wa mphindi zosakwana 10, komabe Loweruka linkafika ndi kupita ine ndikungoti mawa. Kutchalitchi tinkapatsana moni wa mtendere ngati alendo okumana pa siteshoni ya basi. Tchimo limeneli ndinaliulula kwa wansembe, ndipo iye anandilangiza kuti ndipite ndikapepese. Ndinavomera pakamwa pokha. Chaka chisanathe, aphunzitsi anagwa ali kudimba kwawo kufupi ndi mtsinje wa Kafue, ndipo sanadzukenso. Pamaliro awo kwaya imene iwo anaiphunzitsa inaimba monga momwe anaiphunzitsira. Ine ndinaima kumbuyo, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinamva chimene iwo ankatanthauza. Mawu onse a pemphero ankamveka, ndipo onse ankandilasa.

Patatha mwezi, amayi amasiye anafika pakhomo panga ndi kansalu kaja. "Alamu," iwo anatero, "anzanu ankati chinthu ichi ndi chanu, akudikira tsiku loti mubwere mudzatenge. Ine sindichimvetsa, musungeni ndinu." Ndinalandira ndi manja awiri, koma pakamwa panga sipanatuluke mawu.

Galamafoni ija inafa kalekale. Masiku ano mdzukulu wanga anandipezera nyimbo ya Böhm pa intaneti, naiika mu foni, kotero ngakhale magetsi azime ndimaimvera ndithu. CD ya aphunzitsi ndimaiika mu wailesi yakale imene ili pabalaza. Tsopano popeza wotsutsana naye palibe, ndimayesetsa kuweruza mwachilungamo. Pa Kyrie, pamene mawu a besi, alito, soprano ndi tena amathamangitsana popempha chifundo, aphunzitsi ankanena zoona. Kwa Gardiner mumatha kutsata mzere uliwonse ngati ulusi pansalu, pamene kwa Böhm mizereyo imalemerana. Chigawo chonena za tsiku la chiweruzo, kwa Gardiner chimagwa ngati mphepo ya mkuntho yosasula madenga. Pambuyo pake lipenga lalitali limalira, ndipo woimba besi, Willard White, munthu wakuda wobadwira ku Jamaica, amaliyankha ndi mawu odekha ngati a mfumu pabwalo. Aphunzitsi ankanyadira kwambiri malo amenewa.

Koma pa Lacrimosa, chigawo cha misozi, ine ndikadali kumbali ya nkhalamba yanga. Pamenepo mavayolini amausa moyo kawirikawiri ngati munthu wotopa ndi kulira, ndipo Böhm amawapatsa nthawi yopumira. Chisoni chenicheni sichifulumira. Ndikanakonda aphunzitsi akanakhalapo kuti ndiwauze kuti pa mkangano wathu aliyense anagwira mbali yake ya choona, monga anthu awiri onyamula mtanda umodzi wa denga.

Pa Lacrimosa yomweyi ndi pamene pali chinthu chimene chimandigwira mtima koposa. Mozart analemba timagawo 8 toyamba tokha, timene oimba amatitcha mabala. Mawu a kwaya amakwera pang'onopang'ono ngati munthu wokwera makwerero, ndipo atafika pamwamba cholembera cha Mozart chinaima. Zotsatira zake ndi dzanja la Süssmayr, pamodzi ndi Sanctus, Benedictus ndi Agnus Dei, zimene iye mwini ananena kuti ndi zake. Pomaliza penipeni anabwezanso nyimbo ya Mozart ya pachiyambi. Akatswiri ambiri amadandaula kuti mnyamatayo analibe luso la mbuye wake, ndipo ena, monga Robert Levin mu 1991, anayesa kuitsiriza mwa njira yawo. Komabe Böhm ndi Gardiner, ngakhale amasiyana pa zambiri, onse awiri amaimba ya Süssmayr. Akanakana ntchitoyo poopa kuchepa kwa luso lake, mapepala aja mwina akanangokhala m'bokosi. Iye anatola pamene wakufa anasiyira, nachita zimene akanatha.

Ndikamva pamene manja awiriwa amalumikizana, ndimakumbukira chifukwa chake Eklezia anatipatsa mwezi uno. Palibe munthu amene amachoka pansi pano atatsiriza zonse. Wina amasiya ngongole, wina ana aang'ono, wina mawu amene sanawanene. Buku lachiwiri la Amakabeo, mutu 12, limatiwonetsa Yudasi akusonkhanitsa zopereka kuti nsembe iperekedwe chifukwa cha asilikali ake amene anafa, ndipo kuyambira kale Akhristu akhala akupempherera akufa awo. Pemphero lathu ndi losalongosoka ngati ntchito ya Süssmayr, koma Mulungu amalilandira. Kusiyana kwake pa nkhani yanga n'kwakuti amene sanatsirize ndine wamoyo. Aphunzitsi mbali yawo anaitha tsiku lomwe lija pakhonde, pamene anapepesa chinthu chimene sanalakwe. Ngati ali pamaso pa Mulungu, monga momwe ndimayembekezera, ndikhulupirira kuti ndiwo amene akundipempherera ine.

Chimene ndingathe ndimachita. November aliyense ndimapereka Misa ya anthu awiri, amayi a kunyumba ndi aphunzitsi, mayina awo pa kapepala kamodzi. Mvula ikayandikira ndimaonetsetsa kuti amayi amasiye aja ali ndi thumba la feteleza ndi mbewu. Mdzukulu wawo analowa m'kwaya, ndipo Loweruka lina ndinamuitana kuti adzamve CD ya agogo ake. Anamvetsera zonse ziwiri mpaka kumapeto, kenaka anati: "Agogo, ya Böhm ikukoka kwambiri." Ndinaseka mpaka misozi kutuluka, ndipo ndinamuuza kuti abwerenso Loweruka lotsatira kuti tidzakambirane bwino.

Inu awerengi okondedwa, ngati muli ndi foni kapena wailesi, funani Requiem imeneyi mwezi uno, muimvere pawiri monga ndachitira ine, ndipo musankhe yokukomerani. Koma ngati pali munthu wa pafupi nanu amene mwakhala mukuti mudzamuona mawa, yambani mwapita kwa iyeyo. Nyimboyi yadikira kuyambira 1791, ndipo mukabwerako mudzaipeza ilipo.