Kusintha Timiyala ta Nsomba

M'nyumba mwanga ku Petauke ndimaweta matemba m'bokosi lagalasi, ndipo pansi pace pali timiyala. Timiyalato tikada, sinditaya tonse tsiku limodzi, iai. Pakuti pa timiyala takale pamakhala tizirombo tosaoneka ndi maso, timene timathetsa ululu wocokera m'zonyansa za nsomba. Mukacotsa tonse, ana inu, madzi adzaoneka oyera ndithu, koma nsomba zingathe kufa.

Cifukwa cace ndimacotsa gawo limodzi la magawo atatu, ndi kulindira masabata awiri ndisanacotsenso. Tatsopano ndimatola mu mtsinje wa Nyimba pocezera amalume. Ndimasankha tosalala, ndi kutitsuka kasanu popanda sopo, pakuti sopo amapha nsomba. Pogwira nchitoyi matembawo amayembekeza m'ndowa, m'madzi ao omwe akale.