Kapaipi Kopumira Injini

M'zaka za m'ma 1980 njinga zamoto kwathu ku Ntcheu zinali zowerengeka, ndipo eni ake tinkawadziwa onse: alangizi a zaulimi, abambo a ku parishi, ndi a zaumoyo amene ankayendera zitsime ndi sikelo ya ana. Nyumba ya munthu wotere sinkasowa ngakhale mwini wake atachokapo. Pakhonde, pomwe njinga inkagona, pankakhala banga lakuda lokana kuzira. Mayi akazira lero, pofika mkucha latulukiranso. Bambo anga anali mmodzi mwa alangiziwo, ndipo banga la kwathu linkachokera ku kapaipi ka labala kamene kankatuluka pamwamba pa injini ya Honda yawo, kuseri kwa silinda, n'kutsika mpaka pafupi ndi tayala la kumbuyo. Kunsonga kwake kunali kotsegula. Njinga ikabwera kuchokera ku ulendo wautali, kapaipiko kankatulutsa kanthunzi konunkha petulo wopserera, kenako madontho angapo akuda.

Tsiku lina ndinawafunsa chifukwa chimene sankakatsekera ndi kamtengo. "Iwe, ukatseka pamenepo wapha injini," anatero bambo. "Nayonso imafuna kupuma."

Zimene ankatanthauza ndinadzazimvetsa nditakula. Pansi pa pisitoni pali chipinda chimene mumakhala oyilo, magiya ndi chitsulo chozungulira chija amakanika amati kilankishafuti. Pisitoni ikamatsika imapanikiza mpweya wa m'chipindamo, ikamakwera imaukoka. Pa injini ya silinda imodzi ya 125cc ndiye kuti mpweya wokwana pafupifupi 125cc ukukankhidwa ndi kukokedwa maulendo masauzande angapo pa mphindi imodzi. Komanso maringi a pisitoni, ngakhale akhale atsopano, satseka kotheratu. Petulo akaphulika pamwamba, mpweya wina wotentha umazembera m'mbali mwa maringi n'kulowa pansi, utanyamula petulo wosapsa, mwaye ndi nthunzi. Nthunziyo sichokera kunja ayi. Lita imodzi ya petulo ikapsa imabala madzi okwana pafupifupi lita imodzinso. Ambiri amatuluka ku ekizozi, ochepa amatsikira ku oyilo. Zonsezi zikasowa potulukira zimadziboolera zokha njira, ndipo njirayo imakhala gasiketi kapena silo ya labala imene yafooka kuposa zinzake.

Anzawo ambiri a bambo ankayendera Yamaha DT ndi AG, zija zolira mokweza, zomwa oyilo wa 2T pamodzi ndi petulo. Pa zimenezo chipinda cha pansi pa pisitoni ndicho njira imene petulo amadzera popita kokapsa, choncho chimakhala chotsekeka, ndipo kapaipi kopumira kamangokhala ka giya bokosi basi. Oyilo wawo ankatulukira ku ekizozi, utsi wabuluu msewu wonse, ife ana tili pambuyo kuthamangira fungolo. Akuluakulu amene anaonapo BSA ndi Triumph za ku Britain nthawi ya atsamunda ankati kudontha kwa njinga ya bambo n'chibwana. Pa Triumph zambiri paipi yopumira inkatsata madigadi mpaka kumbuyo kwenikweni, ndipo pa Royal Enfield zakale ankailozetsa dala pa tcheni kuti oyilo wotulukayo azifewetsa tchenicho. Masiku amenewo oyilo wogwa pansi sanali mlandu.

Kwa mmisiri wodziwa ntchito, kapaipi kaja kanali poyambira kufufuza matenda. Pa boma la Ntcheu panali mkulu wina amene ankakonza njinga za alangizi pansi pa mtengo, ndipo asanagwire sipanala ankayamba waliza injini, n'kugwada, n'kuika chikhatho kunsonga kwa kapaipiko. Mpweya ukamagunda chikhatho mofatsa, motsatira kulira kwa injini, ankati njinga ili bwino. Ukamatuluka mwamphamvu ndi utsi, ankauza bambo kuti ayambe kusunga ndalama za maringi. Kenako ankanunkhiza chala. Fungo la petulo likachuluka ankadziwa kuti kabureta ikusefukira ndipo petulo akutsikira mu oyilo. M'miyezi ya Juni ndi Julaye, kukamazizira, kapaipiko nthawi zina kankatulutsa zoyererako zolimba ngati chambiko, ndipo apo mkuluyo sankadandaula. Ankangoti njingayo ikuyenda maulendo afupiafupi, injini siikutentha mokwanira kuti iumitse madzi, aikwere mpaka ku Balaka n'kubwerera. Zoyerazo zikaoneka m'dzinja, funso lake linali limodzi: "Abwana, mwawoloka mtsinje uti?" Zonsezi ankazidziwa asanamasule bawuti ngakhale imodzi, ndipo sankalipiritsa.

Pamene iye ankagwada pansi pa mtengo paja, kutali kwambiri kapaipi kotsegula kanali kataweruzidwa kale. Mzinda wa Los Angeles unkatsamwa ndi utsi wothetsa maso, ndipo kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1950 katswiri wa sayansi Arie Haagen-Smit wa ku Caltech anasonyeza kuti utsiwo unkapangika dzuwa likawomba pa mpweya wotuluka m'galimoto ndi m'mafakitale a mafuta. Mu 1958 akatswiri a General Motors anapeza kuti gawo lalikulu la petulo wosapsa amene galimoto inkataya silinkadzera ku ekizozi, koma ku paipi yopumira yolozetsedwa pansi. Kuyambira ndi galimoto za 1961 zogulitsidwa ku California, mpweyawo anayamba kuubwezera mu injini kuti ukapsenso, ndipo pofika 1963 zinali choncho pa galimoto zatsopano pafupifupi zonse ku America. Njinga zamoto za pamsewu lamulo linazipeza kumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990 Harley-Davidson inasamutsira potulukira mpweyawo kumutu kwa injini kuti uzilowa mu eya kilina, ndipo mpaka lero eni njingazo amakangana ngati n'kwanzeru kudyetsa injini mpweya wa oyilo kapena kuupatutsira m'kachitini.

Kwathu kusinthaku sikunabwere ndi lamulo. Kunabwera m'mabokosi, pamodzi ndi njinga za ku China ndi ku India zimene zinadzaza misewu kabaza wa njinga zamoto atafala pambuyo pa 2010. Injini zambiri za njingazi ndi zidzukulu za Honda CG125 ya 1975, ndipo zina zikadali ndi kapaipi kolozetsa pansi. Koma pa zambiri zatsopano kapaipiko kamakwera n'kukalowa m'bokosi la eya kilina, pansi pa mpando. Pansi pa bokosilo pamakhala kapaipi kena kakafupi, koonekera mkati, kotsekedwa ndi kachivundikiro, kosungira zimene zadontha. Buku la njinga limanena kuti kazikhuthulidwa nthawi ndi nthawi, makamaka njinga ikayenda pamvula. Bukulo limakhala m'Chingerezi, limatsala kwa mwini njinga, ndipo wokwera ndi mnyamata wina amene mutu wake uli pa ndalama yoti akapereke madzulo.

Ine ndili kumbali ya amene anabwezera kapaipiko m'bokosi la eya kilina. Njinga zowerengeka zodontha pakhonde n'zosiyana ndi chikhamu chimene chimaima pa siteji ya ku Mchesi kapena ku Ndirande lero. Oyilo wogwera pa tayala la kumbuyo la njinga yonyamula mayi ndi mwana kumsana si nkhani yoseketsa. Ndipo anthu amaiwala kuti paipi yotsegula simangotulutsa, imakokanso. Pisitoni ikamakwera, fumbi la mu Okutobala limalowera pomwepo n'kukasakanikirana ndi oyilo, n'kumapala zitsulo mkati. Pamtsinje ndiye poopsa. Injini yotentha ikamira m'madzi ozizira, mpweya wa mkati umafinyika mwadzidzidzi, ndipo ngati nsonga ya kapaipi ili m'madzi, injini imayamwa madziwo. Vuto lomweli ndilo linachititsa kuti pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse akatswiri apeze njira yopumitsira injini za akasinja popanda paipi yotsegula, kuti aziwoloka mitsinje yakuya. Mlangizi wa ku Ntcheu ndi woyendetsa kasinja anali ndi mdani mmodzi, kungoti wina anali ndi boma lolemera pambuyo pake.

Chimene chinatayika ndi maso. Injini yotopa lero siidontha pansi, imalavulira m'bokosi lobisika. Oyilo amanyowetsa fyuluta, ndipo ikakhala ya pepala imatsekeka, mpweya umachepa, njinga imayamba kumwa petulo wambiri ndi kudetsa pulagi. Mnyamata wa kabaza amagula pulagi ina. Ikadanso amapita kwa makanika, amene amapotokola kabureta, n'kumuuza kuti petulo wa masiku ano ndi woipa. Onse awiri sanatsegule pansi pa mpando. Nthawi zambiri injiniyo imakhala isanatope n'komwe, vuto limakhala kudzazitsa. Injini zazing'onozi zimalowa oyilo pafupifupi lita imodzi, botolo logulidwa limakhalanso la lita imodzi, ndiye munthu amakhuthuliramo lonse wakale asanathe kutuluka, poganiza kuti oyilo wambiri ndi chikondi. Wopitirirayo amamenyedwa ndi zitsulo mpaka kuchita thovu, n'kukwera ndi kapaipi kopumira.

Choipa kwambiri ndinachiona pa siteji ina ku Lilongwe. Kapaipi ka njinga imene ndinati ndikwere kanali kodulidwa, ndipo kunsonga anali atalowetsako bawuti n'kumanga ndi waya. Injini yonse inali noninoni, fumbi litamatirira mpaka ku sitandi.

"Mphwanga, bawuti iyi waikirapo chiyani?"

"Pamatuluka oyilo, madala. Makasitomala amadandaula kuti akuda nsapato."

"Nanga panopa sakutuluka?"

"Akutuluka kwina. Ndasinthitsa silo ya ku sipuloketi, koma zinthu za masiku ano n'zosalimba."

Silo inalibe mlandu. Akanaika ina yolimba kuposa imeneyo, mpweya ukanang'amba gasiketi. Mnyamatayo sanali wopusa. Anaona podontha n'kutseka, monga aliyense akanachitira ndi ndowa. Panalibe amene anamuuzapo mawu aja amene ine ndinawamva pakhonde ndili mwana, chifukwa njinga zinachuluka mofulumira kuposa amisiri, ndipo ambiri amene akukonza lero anaphunzira pa njinga za kapaipi kobisika.

Pakati pa kutayira pansi ndi kubwezera mu injini pali njira yachitatu, ya kachitini kogwira oyilo. Inatchuka ndi a mipikisano, kumene dontho la oyilo pa kona lingagwetse anthu angapo nthawi imodzi, ndipo malamulo salola paipi yolavulira pamsewu. Ku Ulaya ndi ku America tizitiniti timagulitsidwa ta aluminiyamu, tokhala ndi timagawo kapena waya wopotanapotana mkati kuti nthunzi ya oyilo igunde n'kusanduka madontho. Kuno ndaona anyamata ena ochenjera akugwiritsa ntchito kabotolo ka pulasitiki komangirira ku felemu ndi lekeni, ndipo ngati kaikidwa bwino kamagwira ntchito yomweyo.

Kuika bwinoko ndiye nkhani. Kabotolo kayenera kukhala ndi mabowo awiri, lolowera ndi lotulukira, ndipo lotulukira lisachepe kuposa lolowera. Kabotolo ka bowo limodzi n'chimodzimodzi bawuti ija, kungoti kamaoneka kaulemu. Paipi yochoka ku injini iyambe yakwera m'mwamba isanatsike, kuti oyilo wolemera abwerere yekha kumene wachokera ndipo m'botolo mufike zopepuka zokha. Isapindike mothina, isagone pa ekizozi, isakhudze tcheni, ndipo ikhale ya labala yopirira oyilo ndi kutentha, osati ija yothirira dimba imene imafewa n'kudzitseka yokha. Yotulukayo ibwerere ku eya kilina, kapena ikathere m'mwamba pansi pa mpando ndi kafyuluta kunsonga, kutali ndi fumbi ndi madzi. Zimene zasonkhana m'botolo si oyilo woti n'kubwezera mu injini ngakhale ndalama zitavuta bwanji, chifukwa theka lake ndi madzi, petulo ndi zowawasa zimene zimadya zitsulo. Zisatayidwenso m'ngalande.

Ena amaika kabotoloka poganiza kuti ndi mankhwala. Sikachiritsa maringi. Ubwino wake ndi wakuti kamaonetsa. Ngati pa mwezi mwagwa madontho ochepa, injini ili bwino ndipo mwina kabotoloko sikanali kofunika n'komwe. Pa njinga yatsopano yosadzazitsa oyilo ine sindingavutike nako. Ngati kakudzaza pa sabata, mwini njinga akudziwiratu kuti silinda ikufuna kutsegulidwa, ndipo angasankhe yekha tsiku m'malo mosankhiridwa ndi njinga pakati pa msewu wa ku Salima.

Njinga zogulitsa zogwiritsidwa kale ntchito zachuluka, ndipo ogulitsa amadziwa kutsuka injini ndi palafini mpaka kuwala. Achibale akandipempha kuti ndikawaonere, ndimapempha sikuludiraiva, n'kutsegula bokosi la eya kilina, n'kupisamo chala. Kenako ndimazula kapaipi kopumira pomwe kalowera m'bokosimo, n'kuuza wogulitsa kuti alize injini ndi kuponda mafuta pang'ono, chikhatho changa chili kunsonga. Ena amaseka n'kufunsa kuti madala mukufuna chiyani kumeneko. Ena amayamba kutsitsa mtengo ndisanalankhule.