Za Njira Zophunzirira Njinga M'tsinde mwa Phiri la Mulanje



Masiku ano tiri kuona njinga za mtundu wina zirinkuchuluka kuno kwathu, za matayala okhuthala ndi magiya ambiri, zimene anazipangira kuyenda pa miyala ndi pa zitunda. Masewera ache anayambira ku California, m'dziko la America, m'zaka za m'ma 1970, ndipo tsopano afika ndi kwa ife. Anyamata ndi asungwana athu akaipeza njinga yotere atifunsa kuti, Tikaphunzirire kuti? Koma pofunsapo maso ao ali kumwamba, ku phiri, monga ngati njira yabwino ikhala kutali kokha. Ife tinena kuti njira ya wophunzira iri pafupi, ndipo adzaipeza pakufunsa anthu amene aiponda ndi mapazi tsiku ndi tsiku.

Tiyambe ndi phiri lomwelo. Nsonga yache ya Sapitwa italika mamita 3,002, ndipo njira zokwerera ku Chambe kuchokera ku Likhubula, ya Chapaluka ndi ya Skyline, nza miyendo, pakuti pena munthu akwera chogwira miyala ndi manja. Wonka kumeneko ndi njinga adzaisenza pamutu ngati mtolo wa nkhuni, ndipo potsika angathe kuthyoka. Tsono phirilo lisiyeni poyamba. Akulu anati, kuthamanga sikufika.

Sukulu yoyamba ndiyo tinjira ta m'mudzi mwanu momwemo, ta ku chitsime, ta ku chigayo, ta ku dimba. Sankhani kanjira kosalala, kopanda phompho m'mbali, ndipo mukayende kaye ndi miyendo, kuti muone pali muzu, pali dzenje ndi pali mchenga. Pamenepo phunzirani zinthu zitatu. Choyamba, penyani patsogolo pamene mufuna kupita, osati pa tayala, pakuti njinga itsata maso a mwini wache. Chachiwiri, sinthani giya musanayambe kukwera chitunda, chifukwa mukasintha muli pakati pache tcheni chingathe kuguluka kapena kuduka. Chachitatu, potsetsereka imirirani pang'ono pa zopalasira, bwezani thupi m'mbuyo, ndi kugwira mabuleki onse awiri mofatsa. Amene afinya buleki ya kutsogolo yokha mwadzidzidzi adzadumpha njinga yache nagwa chamutu.

Sukulu yachiwiri ndiyo miseu ya dothi ya m'minda ya tiyi, imene yazinga phiri mbali ya kum'mwera, kuyambira ku Chitakale kunka cha ku Lujeri ndi ku mtsinje wa Ruo. Tiyi anayamba kubzalidwa kuno m'zaka za m'ma 1890, ndipo miseuyo anailambula yotakata kuti mudzipita magalimoto onyamula masamba. Chifukwa chache nja bwino kwa wophunzira, pakuti ikwera ndi kutsika pang'onopang'ono. Koma kumbukirani kuti mindayo iri ndi eni ache. Pemphani chilolezo kwa mlonda kapena kwa kapitao musanalowe, ndipo mukamva thirakitala patukani msanga.

Sukulu yachitatu, ya amene miyendo yao yalimba, ndiyo njira ya pa mpata wa Fort Lister, pakati pa phiri la Mulanje ndi la Michesi, m'boma la Phalombe. Kale pamenepo pankadzera amalonda a akapolo ponka ku nyanja yaikulu, ndipo linga lija linamangidwa m'chaka cha 1893 kuti liwatsekere njira. Chitunda chache nchachitali ndi cha miyala. Musapiteko nokha, ndipo nyamulani madzi, pampu, chubu china ndi zigamba.

Nanga adziwa njira ndani? Funsani amai otunga madzi, funsani ana a sukulu, koma makamaka funsani anyamata a kabaza, amene anyamula anthu ndi matumba a chimanga pa njinga zao dzuwa lonse. Iwo adziwa ulalo umene waola, mtsinje umene uoloka ndi njira yachidule imene ithera m'dambo. Safunsa adadya phula. Ndipo kufunsako kusakhale kamodzi kokha, pakuti njira za kuno zisinthika ndi mvula. M'mwezi wa March 2023, namondwe wa Freddy anagumula nthaka ndi miyala kuchokera m'phiri, napha anthu ambiri ku Mulanje ndi ku Phalombe, nakokolola milatho ndi miseu. Njira imene munaidziwa chaka chatha ingathe kukhala chigwembe lero.

Yang'anirani ndi nyengo yomwe. M'dzinja katondo wa m'minda ya tiyi aterera ngati sopo, ndipo makande a m'chigwa cha Phalombe amata matayala mpaka njinga ikana kuyenda. M'miyezi yozizira ya June ndi July chiperoni chidza ndi nkhungu ndi mvula yowaza, ndipo munthu saona patali. Nthawi yabwino ndiyo m'mawa wa tsiku louma, dzuwa lisanatenthe.

Mau otsiriza ndi a ulemu. Tinjira timeneti sanatilambulire masewera. Titumikira mai wosenza mtsuko, nkhalamba ya ndodo ndi mwana wothamangitsa mbuzi. Lizani belu muli patali, chepetsani liwiro, ndipo pokumana ndi akulu pa njira yopapatiza tsikani, muwapatse moni. Musadule pakati pa mizere ya munda wa mnzanu. Mnyamata mmodzi wopanda mwambo angathe kutseketsa njira kwa anzache onse.

Ndipo inu makolo, musaletse ana, koma muwatsogolere. Onani kuti mabuleki agwira, kuti avala chisoti cholimba kumutu, ndi kuti anena kumene ali kunka ndi nthawi yobwerera. Njinga ndiyo chuma cha banja, pakuti ndi yomweyo idzanyamula wodwala kunka naye ku chipatala. Mwana amene waiphunzira bwino pa dothi la kwao adzathandiza mudzi wonse.

Tsalani bwino, abale athu.